Wufa Yopanda Mabowo

Pulani yonse inabadwira pa tebulo la pakona, dzuwa likuswa mtengo, mu bala ya mkazi wa Mawaya. Tsiku limenelo balayo inali ndi makasitomala atatu okha, ndipo onsewo anali mbava.

Kuwatcha mbava n'kuwalemekeza chabe. Jenerale, mtsogoleri wawo, anatchuka ataba njinga yopanda tcheni n'kuikankha kudutsa tauni yonse, mwini wake akumutsatira pambuyo wapansi, osathamanga n'komwe. Thirakita anali chimunthu chopanda khosi, mutu unangokhazikidwa pamapewa. Kale ankatulutsa zidakwa m'mabala, ataima pafupi ndi masipika zaka zambirimbiri, mpaka makutu ake anapuma pa ntchito iye asanapume. Wachitatu anali Mawaya, katswiri wa zamagetsi wa gululo, amene tsiku lina anatumidwa kukadula waya wa telefoni pa nyumba ya munthu wolemera, iye n'kukadula woyanikira zovala. Zovala zinagwa, galu anadzuka, zotsalazo mukhoza kuziganizira nokha.

Chimene chinawasonkhanitsa chinkamveka ngakhale pa nthawiyo. Kutsidya kwa msewu kunali kutatsegulidwa bala yatsopano, ndipo besi ya nyimbo zake inkaoloka msewu, kulowa pansi pa chitseko, n'kumanjenjemeretsa mabotolo pa shelefu ya mkazi wa Mawaya. Makasitomala onse anali atasamukira kumeneko. Ngakhale mdala wina amene ankagona pa benchi la pakhomo chitsegulireni bala, anakagona pa benchi la kutsidya.

Si kuti kwa Mawaya kunalibe nyimbo. Pa shelefu ya pamwamba, pansi pa kansalu koluka, panali wailesi ya malemu bambo ake, ija ya nkhope yasiliva ndi singano yoyenda kuseri kwa galasi, yolumikizidwa ku masipika awiri a matabwa. Bambo ake anali telala, ndipo ankasoka wailesiyo ikulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moti kachitsulo kokwezera mawu kanadyeka pamene ankagwira ndi chala chachikulu. Atamwalira, achibale anagawana makina osokera, bedi, ngakhale masizasi, koma wailesi anaisiya poganiza kuti inafa. Mawaya anaidzutsa yekha. Ndicho chinthu chokhacho chimene anakonzapo pa moyo wake n'kukonzekadi, ndipo ankachikonda kuposa mmene ankavomerera pamaso pa anzake.

Mawu ake anali oyera, okoma, koma opanda mimba. Tsono anthu a masiku ano safuna kumva nyimbo ndi makutu, amafuna iwamenye m'nthiti.

M'mawa wa tsikulo mkazi wake anali atanena zake ali chiimire, manja m'chiuno. "Loweruka likadutsa muno muli zii chonchi, chiwailesi chanucho ndimupatsa wogula zitsulo zakutha uja. Ndipeze kanthu kolira ngati ka anzathuwo." Mayiwa sankaopseza. Anagulitsapo nsapato za Mawaya iye atangozivula kuti mapazi apume.

"Vuto la wailesi yako ndi limodzi, aise," anatero Jenerale, akujambula bokosi pa tebulo ndi chala chonyowa ndi mowa. "Ilibe wufa."

"Ufa?" Thirakita anadzutsa mutu. "Za matumba a ufa ine ndinasiya. Msana."

"Wufa, kape iwe. Chisipika chija chimangoti du, du, du. Chimene chikugwedeza mabotolo a alamuwa."

"Wufa ndi yodula, Jenerale," anatero Mawaya.

"Ndani wanena zogula?"

Jenerale anasendeza mpando, n'kutsitsa mawu, ngakhale munalibe munthu woti n'kumva. "Shopu ya zamagetsi ija ya pa msewu waukulu. Za pa shelefu zija ndi za ana asukulu. Yeniyeni mwini shopu amaisunga mu ofesi yake kuseri, kuti osauka asamaionere ulere. Ndinaiona ndi maso angawa."

"Munalowa mu ofesi?"

"Ndinali kutaya madzi kuseri kwa shopu, ndiye pali kawindo. Chibokosi chakuda, chili phee pakona. Dolo amagwira ntchito ngakhale pamene ena akuona ngati akupuma."

Dilu inali yosavuta. Mawa masana mwini shopu akapita kukadya, Mawaya akalowera kutsogolo kukachedwetsa wogulitsa ndi mafunso opanda mutu. Jenerale ndi Thirakita akalowera kuseri atavala maovolosi obwereka, akukankha wilibala, chifukwa malinga ndi Jenerale, dziko lino silinafunsepo munthu wa ovolosi kumene akupita.

"Nanga tikapeza mabokosi ambiri, tikadziwa bwanji?" anafunsa Thirakita, amene anamva chiganizo chonse mwangozi.

"Kulemera. Wufa yabwino imadziwika ndi kulemera. Ukainyamula n'kumva msana ukudandaula, ndi yomweyo."

Anagunditsa mabotolo. Mawaya anayang'ana pa shelefu ya pamwamba. Apolisi ankawaopa, koma ankaopa kwambiri kuona wailesi ya bambo ake ikulendewera pa sikelo pamodzi ndi miphika yobooka.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Mawaya analowa mu shopu. Pakhoma panali mawayilesi a kanema ambirimbiri, onse akuonetsa bambo mmodzi akuwerenga nkhani, moti Mawaya anamva ngati mpingo wonse ukumuyang'ana. Wogulitsa anali mayi wachitsikana, akudzikupizira ndi chidutswa cha katoni.

"Ndikuthandizeni, bambo?"

Funso limene Jenerale anamuphunzitsa linali loti kodi firiji imabwera ndi kuzizira kwake kapena kumagulidwa padera. Koma maso ake anagwera pa kawufa kakang'ono pa shelefu, ndipo pakamwa panatuluka funso lenileni.

"Achemwali, munthu atakhala ndi wailesi yakale kwambiri, akhoza kuikako wufa?"

"Kumbuyo kwake kuli kabowo ka wufa?"

"Kulibe. Kuli tizitsulo tokanikiza ta mawaya a masipika basi, tofiira ndi takuda."

Mayiyo anasiya kudzikupizira. "Zasiliva zija? Za singano? Musaitaye imeneyo, bambo. Zoterozo sapanganso."

Chimwalirireni bambo ake, panalibe munthu amene ananenapo zabwino za wailesiyo. Mawaya anaiwala kuti ndi mbava. Anatsamira pa kauntala ngati munthu amene wapeza wachibale ku dziko lachilendo.

Wogulitsa anatsitsa kawufa kaja n'kukatembenuza. "Mumafuna yokhala ndi timabowo ta mawaya a sipika ngati iti. Mawaya ochokera ku wailesi amalowa apa, ena amatulukira apa kupita ku masipika anu. Wufa ili ndi chingwe chake cha magetsi, ndiye siitopetsa wailesi. Wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda. Koma asakhudzane. Akangokhudzana wailesi ili choyaka, yapsa, ndipo zipangizo zake simungazipeze."

"Wofiira ku wofiira," anabwereza Mawaya. "Asakhudzane."

"Zikakuvutani, palibe vuto." Analoza chikwangwani cha pamwamba pa chitseko. Chinalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: KATUNDU ALIYENSE WOCHOKERA MU SHOPU MUNO TIMALUMIKIZA ULERE.

Mawaya anathokoza mobwerezabwereza, ndipo anangotsala pang'ono kupepesa chifukwa cha zimene anzake ankachita kuseri.

Zakuserizo anazimva pambuyo pake, ku malo amene anthu amakhala ndi nthawi yambiri yofotokozerana nkhani. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Mu ofesi, pakona, munali mabokosi awiri akuda, lina pamwamba pa linzake. Lapamwambalo linali ndi nsalu kutsogolo. Jenerale analikweza yekha osabuula, n'kupukusa mutu. "Ya ana," anatero, n'kuliika pansi bwinobwino kuti lisawasokoneze. Lapansilo Thirakita atayesa kulisuntha, msana unadandaula mokweza moti ngakhale iye anamva.

Potuluka anakumana ndi mlonda. Mlondayo anayang'ana maovolosi, anayang'ana wilibala, kenako anawagwirira chitseko n'kuwachenjeza za sitepe.

Tayala la wilibala linaphwa asanakhote pa ngodya yoyamba. Mawaya atawapeza, anasinthana kukankha, chibokosi chitafunditsidwa bulangete, mpaka anafika nacho mu bala thukuta lili kamukamu. Anachitsitsira pakati pa chipinda, ndipo simenti inang'aluka.

"Mwamva?" anatero Jenerale. "Isanalire n'komwe."

Mkazi wa Mawaya anatuluka kuseri kwa kauntala akupukuta tambula. Mayiwa asanatsegule bala ankasesa m'maofesi, ndipo ankalidziwa bwino bokosi limene mabwana amatsekeramo ndalama. Analiyang'ana kamodzi kokha.

"Imeneyi ndi sefa."

Jenerale anaseka mpaka kugwira tebulo. "Alamu, ndi ulemu wonse. Ife tikunena za wufa, inu mwamva ufa, ndiye mwathamangira sefa. Mtima uli kukhitchini basi. Izi ndi za mainjiniya."

Thirakita anazungulira bokosilo akulipapasa. "Sefa yopanda mabowo, alamu? Ufa ungadutsire pati?"

"Sindikunena sefa yosefera. Ndikunena ija ya..."

Kutsidya besi inayambanso, mabotolo anayamba kugwedezeka, ndipo Jenerale anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. "Tikambirana nyimbo ikalira, alamu."

Mayiwa anayang'ana mwamuna wawo. Mawaya akanatha kufunsa, ndipo anali pafupi kufunsa. Koma munthu amene wakankha wilibala yophwa tayala kudutsa tauni safuna kumva kuti wanyamula chinthu china. Anaseka nawo pang'ono, kuseka kwa munthu wamantha.

"Chabwino, akatswiri," anatero mayiwo. "Mwaitenga kuti?"

"Tabwereka."

"Kumene mwabwerekako mukaibweze. Isagone muno." Anabwerera ku matambula awo, ndipo kuchokera pamenepo sanawonongenso malovu.

Kutsogolo kwa bokosilo kunali chogwirira, ndi kachitsulo kozungulira kolembedwa manambala. Jenerale anagwada n'kuwerenga mwaulemu. "Taona volyumu, aise. Ikufika pa 99. Ya kutsidya ija sindikukhulupirira kuti imadutsa 30." Anakazunguliza kuti afike kumapeto, koma kanalibe mapeto, kanangozungulirabe. "Mwaona? Volyumu yosatha."

Thirakita anaika khutu pa chitsulo. "Sikulira."

"Iwe ungamve chiyani. Mawaya, tamvetsera."

Mawaya anamvetsera. "Ikuti tiki, tiki."

"Ikuwotha."

Mawaya anatsitsa wailesi ya bambo ake, anaipukuta ndi malaya, anasenda mawaya awiri ndi mano, n'kuzungulira kumbuyo kwa bokosi kukafuna timabowo tija. Kunalibe. Anafuna m'mbali, kunalibe. Anafuna chingwe cha magetsi, kunalibe ngakhale malo amene chikanatulukira. Atatu onse anachigoneka cham'mbali kuti aone kunsi, ndipo mkati munayenda zinthu zofewa, zambiri, zikuti fwaa.

"Muli chiyani mmenemo?" anafunsa Mawaya.

"Thonje," anayankha Jenerale osaganiza kawiri. "Masipika odula amawaika thonje kuti mawu azituluka ofewa. Wamva kuchuluka kwake? Ya mabwana imeneyi."

"Koma mabowo kulibe."

"Ndi yamakono. Yosafuna waya."

"Wailesi yanga ndi ya waya."

Thirakita anati ngati vuto ndi mabowo, iye mabowo amatha kupanga. Anabwera ndi hamala ndi misomali. Msomali woyamba unapindika, wachiwiri unathawira pansi pa kauntala, wachitatu unalowa bwinobwino, koma mu chala cha Jenerale amene ankaugwirira.

Ululu unamupatsa Jenerale nzeru zatsopano. Anati popeza bokosi lonse ndi chitsulo, ndiye kuti bokosi lonse ndi bowo. Anayatsa wailesi, singano inawala, anatenga waya wofiira ndi wakuda m'dzanja limodzi, n'kuyamba kuwasendeza ku chogwirira kuti awakulunge pamodzi.

Mawaya sanadziwe kuti anadumpha bwanji. Anangopezeka Jenerale ali chagada pansi, iye atakumbatira wailesi, pulagi ili m'manja.

"Asakhudzane," anatero. "Mundimenye ngati mukufuna, koma asakhudzane."

Aka kanali koyamba kuti Mawaya atsutse mtsogoleri wake. Onse anakhala pansi mozungulira bokosi, akuliyang'ana ngati mlendo amene wakana kulankhula. Kutsidya anthu ankaimba motsatira nyimbo. Mawaya anawerenga mumtima kuti Loweruka silinali kutali, ndipo anausa moyo.

"Chikhala tinagula," anatero, "akanatilumikizira ulere. Pali chikwangwani."

Jenerale anasiya kuyamwa chala. "Chinalembedwa bwanji? Bwereza mmene chilili."

"Katundu aliyense wochokera mu shopu muno timalumikiza ulere."

"Wochokera. Osati wogulidwa?"

"Wochokera."

"Nanga uyu wachokera kuti?"

Onse anayang'ana bokosilo.

"Lamulo analemba okha, aise, ife sitinawagwire dzanja. Komanso taganiza. Apolisi amasaka munthu wothawa. Munthu wobwera yekha ndi katundu wake pa wilibala ndi kasitomala. Ndipo akatiuze chifukwa chake akusunga wufa ya mbola mu ofesi. Chikhala inagwera munthu wosadziwa zinthu, bwenzi atavutika nayo."

Mawaya anadziwa kuti nzeru imeneyi ikudontha penapake, koma sanapeze bowo lake. Linali tsiku losowa mabowo. Anakweza masipika awiri aja pamwamba pa bokosi, wailesi anaikulunga mu jekete yakale ya bambo ake n'kuifungata. Pakhomo anapeza mkazi wake ataima.

"Bambo, wailesiyo isiyeni."

"Munanena nokha za Loweruka."

"Ndinanena ndine, ndipo ndikunenanso ndine kuti isiyeni."

"Muona nokha. Ibwera ili ndi mimba."

"Mimba zobwera nazo kunja sizinasangalatsepo munthu," anatero mayiwo, koma anapatuka.

Atayandikira shopu anaona chinamtindi cha anthu pakhomo, ndi galimoto ya polisi itaima pambali. Mawaya anaima. Jenerale anamukankha kumsana. "Pali seli. Ngakhale apolisi amakonda zotsika mtengo. Yenda ngati munthu."

Anthu anapatukira wilibala, monga mwa nthawi zonse. Mkati mwini shopu anali atakhala pa katoni, mutu uli m'manja. Sajeni wina wa ndevu zamphepete mwa mlomo ankafunsa mlonda mafunso, mlondayo akulumbira kuti chitseko sanatsegulire munthu aliyense wokayikitsa. Atatu aja, pokhala anthu olemekeza dongosolo, anaima pa mzere kudikira kuti sajeni amalize kuthandizidwa.

Wogulitsa ndi amene anawaona koyamba. "Bambo a wailesi yasiliva aja. Pepani, lero sitikuthandiza, tagwa m'mavuto."

"Ifenso tagwa m'mavuto," anatero Jenerale, akupita kutsogolo. "Tabwera ndi dandaulo, ndipo ndi bwino kuti aboma ali pompano amve nawo. Katundu wanu alibe mabowo, alibe chingwe, volyumu imangozungulira. Sitikufuna mkangano. Mutilumikizire malinga ndi chikwangwani chanu, tizipita."

Anatsitsa masipika, n'kuvundukula bulangete.

M'shopu munangoti zii. Ngakhale bambo wowerenga nkhani pa mawayilesi a kanema anaoneka ngati wasiya kaye. Mwini shopu anadzuka pang'onopang'ono, anagwada pafupi ndi wilibala, n'kukumbatira bokosilo.

"Sefa yanga," anatero, misozi ili m'maso.

Thirakita anapukusa mutu mwachisoni. "Nawonso? Bambo wamkulu chonchi, mtima kukhitchini."

Sajeni anatseka chitseko cha shopu modekha, ngati munthu woopa kudzutsa mwana. "Katunduyu mwamutenga kuti, akuluakulu?"

"Mu shopu muno, bwana. Ndiye chifukwa chake tikuti ulere."

"Lisiti lili kuti?"

"Chikwangwani sichikunena za lisiti."

"Ndi omwewa," anatero mlonda mosangalala. "Ndinawagwirira chitseko. Koma taonani nokha, bwana, akuoneka okayikitsa?"

Mwini shopu anagwira volyumu ija, anaizunguliza kumanja, kumanzere, kumanjanso, n'kutsitsa chogwirira. Chitseko chokhuthala chinatseguka, ndipo thonje la Jenerale linayamba kugwera mu wilibala m'mipukutu yomangidwa ndi timphira. Jenerale anayang'ana. Kenako anakhala pansi pa simenti popanda womuuza. Chinthu chimenecho chinali chitakhala pakati pa miyendo yake masana onse, iwo akuchimenya ndi hamala kuti chiimbe.

Thirakita anasuzumira mkati. "Ndiye besi imatulukira pamenepa?"

Pamene ankamumanga unyolo, Mawaya anatembenukira kwa wogulitsa. Anali ndi manyazi ofika m'mafupa, koma funso linali lisanayankhidwe. "Achemwali, nanga yoyenera wailesi yangayi inali iti?"

Mayiyo analoza ku ofesi. Pa chitseko pankaoneka bokosi la nsalu kutsogolo lija, lili pansi pamene Jenerale analiika bwinobwino.

"Imeneyonso ikwere galimoto," anatero sajeni. "Ndiyo ankafuna kuba. Wailesi, masipika, wilibala, zonse ndi umboni."

M'chitokosi munali benchi limodzi, chidebe, ndi chitseko cha zitsulo chimene chinkaonetsa mbali ya kauntala ya polisi. Pa kauntalapo ndi pamene anaunjika umboni. Jenerale anakhala moyang'ana khoma, akungobwereza liwu loti thonje. Mawaya anakhala pansi, maso ali pa jekete ya bambo ake. Anali atachoka nayo wailesi kunyumba kuti aipulumutse, ndipo tsopano inali m'manja mwa boma, ndi kapepala komata pa nkhope yake yasiliva.

Dzuwa likupendeka, ntchito itachepa, sajeni anayamba kuzungulirazungulira umboniwo. Anavundukula jekete. Anapukuta galasi ndi chala. Anasuzumira kumbuyo kwa wufa.

"Iwe wa mawaya," anaitana. "Pofuna kutsimikiza kuti umboniwu ndi weniweni, izi zimalumikizidwa bwanji?"

Mawaya anadzuka n'kugwira zitsulo. "Ochokera ku wailesi alowe m'timabowo ta m'mwambato, bwana. Ena atulukire m'munsimo kupita ku masipika. Wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda. Chonde, bwana, asakhudzane."

Sajeni anagwira ntchitoyo lilime lili panja. Anasomeka mapulagi awiri. Singano inawala, inayenda kuseri kwa galasi, inadutsa phokoso, n'kupeza nyimbo ina yakale ya magitala.

Kenako pansi panayankha.

Besi inatuluka yathunthu, yakuya, yosaphwanya mawu. Inadutsa pa kauntala, inalowa mu simenti, inakwera m'zitsulo zimene Mawaya anagwira, n'kumufika m'nthiti. Pamwamba pake pankayenda mawu oyera aja, omwe aja ankamveka pamodzi ndi makina osokera. Thirakita anaika manja onse pansi, maso ali tong'o.

"Ndikumva," anatero. "Aise, ndikumva nyimbo."

Mawaya analira. Sanabise nkhope, chifukwa sanafune kusiya zitsulo.

Mkazi wake anafika ndi bulangete nyimbo yachiwiri ili pakati. Anaima pa kauntala akumvetsera.

"Ndi yathu ija?"

"Ndi yomweyo," anatero Mawaya.

"Inali ndi mawu amenewa nthawi yonseyi?" Anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete, mokwiya, ngati mwalowa fumbi. "Wa zitsulo uja ndimuuza aiwale." Kenako anasuzumira pawindo. Kunja kwa mpanda wa polisi anthu anali atayamba kusonkhana, ena akugwedeza mapewa. Pakati pawo panali nkhope zimene mayiwa ankazidziwa bwino, ndipo pa benchi la odandaula panali patagona kale mdala uja.

"Anthu onsewa akuvina kukhosi kouma?" anatero. "Bwana, wilibalayo nayonso ndi umboni?"

"Ndi umboni, mayi. Zonsezi sizichoka pano, ndipo sizisiyanitsidwa, mpaka mlandu utatha." Sajeni anatsokomola, akuyang'ana kudenga. "Akavomera mlandu, mawa lomwe woweruza agamula, wufa ibwerera ku shopu. Akakana, ndiye pamafunika mboni, masiku amasinthasintha, zimatenga miyezi."

Mayiwo anatuluka mofulumira, akunena zokabwereka wilibala ina yonyamulira mowa.

Jenerale anachoka kukhoma n'kukokera anzake pakona. "Pulani yatsopano. Mawa tikavomere msangamsanga, tikagwetse nkhope, tikapepese. Atichepetsera."

"Ine ndikukana mlandu," anatero Mawaya.

"Aise, atigwira nayo pa wilibala. Tinaima pa mzere. Ndinadandaula pamaso pa sajeni."

"Ndikukana."

"Akuti chiyani?" anafunsa Thirakita, manja akadali pansi.

Mawaya anawasiya pakona. Anabwerera ku chitseko, n'kukanikiza nkhope pakati pa zitsulo.

"Bwana, kwezani pang'ono. Chala muike podyeka paja."